Mapu a M'thumba la Jekete

Lachiwiri belo latsegulidwa kwa Abiti Sumani,
pofika masana jekete lafika pakhonde panga,
lotuwa, lolemera ngati bulangete lonyowa,
la munthu amene ankachidziwa chisanu.
Chidzanja wa kabaza akuti ndifupikitse manja.
Kutentha kwa Salima kuno, jekete la chiyani?
Akuti n'lopitira kumaliro ndi kukhoti.

Thumba linali lobooka. Dzanja linapitirira
mpaka pansi pa nsalu ya m'kati
n'kubwerako ndi pepala lopindapinda.
Mtima unati ndalama.
Anali mapu.

Tiyesere, wanga wa Fomu 3,
anaika beseni la mandasi pansi, n'kuwerenga ndi chala:
Podlaskie.
Akuti n'chigawo cha dziko la Poland,
kumpoto chakum'mawa, kumene dzikolo lathera.
Likulu lake Białystok,
dzina lokhala ndi L wokhwatchidwa pamimba
ngati aphunzitsi anam'peza wolakwa.
Łomża. Suwałki.
Lilime linagwa m'dzenje, tinaseka mpaka kutsokomola.

Tinawerenga maboma ake: khumi ndi anayi,
ndi mizinda itatu yodziimira payokha,
m'kati mwake timadera tina, tosawerengeka,
kena kotambalala, kena kofinyidwa pakona
ngati chigamba cha pabondo.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6,
koma msoko ndimaudziwa.
Mizere ya madonthomadonthoyi wina anaisoka,
anayeza, anadula, anataya zotsala.
Narew yekha ndiye wakana tepi,
akungokhotakhota ngati ulusi wothawa m'bobini.
Pamwamba pake Biebrza, dambo lokhalokha.
Ndinafunsa ngati amalimamo mpunga ngati ku Lifuwu.
Mwana anati kumeneko madzi amauma gwa, munthu n'kuyendapo.
Ndinangoti chabwino.

Koma pali malo amodzi, pafupi ndi malire,
pamene wina anazunguliza ndi bolopeni,
kuzunguliza, kuzungulizanso,
mpaka pepala kubooka.
Dzina la mudziwo linapita ndi bowolo.
Ndinalikweza kudzuwa. Ndinaona msewu wathu,
njinga, fumbi, mbuzi ya eni ikudya katoni.

Nafenso tili nayo mizere.
Kwa Kalonga, kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi,
kwa Khombedza uko thonje limayera.
Dimba la mayi anga linali tsidya lino la Linthipe
mpaka chaka chimene mtsinje unasamuka usiku
osatsanzika munthu.
Kutacha, dimba lili tsidya lija,
nthochi zathu zomwe, mpanda wathu womwe,
koma akulimamo ena.
Kuboma kalaliki anatambasula pepala longa lomweli,
anati malire ndi mtsinje.
Ndinati mtsinje wake uti, wa dzulo kapena wa lero?
Anayang'ana wotchi.
Mayi anamwalira akuloza tsidya ndi ndodo.

Ndiye iwe mwini jekete, kaya uli moyo,
unkazunguliza chiyani?
Kwanu? Kwa mkazi amene anakukana?
Kapena nawenso munda unakuthawa uli m'tulo,
mzere unadutsa pakati pa khomo ndi chitsime?

Tiyesere anawapempha mapuwo, akuti akaonetse kusukulu.
Ndinakana, sindikudziwa chifukwa.
Ndinawapinda m'mene anapindidwira,
kutsata mikwingwirima yake yakale,
n'kuwabwezera pansi pa nsalu ya m'kati.
Thumba ndinalitseka ndi ulusi wakuda, kawiri.
Za thumbazo sindinalipiritse.

Loweruka ndinamuona Chidzanja
akupalasa kulowera ku Chipoka, kumaliro a mlamu wake,
thukuta kamukamu, jekete lili pathupi,
maboma khumi ndi anayi, mizinda itatu, madambo ndi mitsinje
zikum'gunda m'nthiti pa bampu iliyonse,
iye osadziwa kanthu,
akungoimba belu kuti anthu apatuke.